Nsenga za Pansi pa Botolo

Pamene a Zakeyu ankagwa, ine ndinali ndikuseka. Chimenechi ndicho chinandiipitsira mlandu, pakuti anthu a m'mudzi mwa mkazi wanga, kuseri kwa Nambuma uko, saiwala nkhope imene munthu anali nayo pa nthawi ya tsoka. Anapendekeka pa mpando wa ndalema, nagwa chammbali botolo lili m'manja, ine n'kumayesa akuchita masewera. Ndinawauza kuti adzuke, mowa wa azungu sagonera pansi. Sanadzuke. Maso anali atatembenuka, thukuta lili kamukamu pamphumi ngati awathira madzi.

A Zakeyuwo ndi atsibweni ake a mkazi wanga Tisiyenji, ndiye kuti eni mbumba. Ine ndine Nasoni, mkamwini chabe wochokera ku Nsaru. Ndimagwira ntchito m'bala ya loji ina mumzinda wa Lilongwe, ndipo kumudziko ndimangotulukira mwezi ukatha, ngati mutu waching'alang'ala. Sukulu ndinaithawa isanandithawe, koma Chingerezi cha m'bala ndimachitha, chija chofunsa munthu ngati akufuna lozizira kapena lofunda. Chaka chathachi ndinapempha chitengwa, kuti ndimutenge Tisiyenji ndi mwana tikakhale m'tauni. A Zakeyu anakana pamaso pa anthu, nati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ine pakamwa panga sipaona nyengo. Ndinayankha kuti palibe kanthu, ndidikira, paja atsibweni sakhala muyaya. Tsiku limenelo anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, a Zakeyu omwe.

Ulendo uno ndinabwera ndi nyambo. A Zakeyu anadulidwa mumpingo kalekale chifukwa cha chipanda, ndipo m'banja lonse la Chipresibateria lija ndi iwo okha amene amamwa osabisala. Ndinawatengera mabotolo awiri a mowa umene bwana wathu, mzungu wandevu ngati mbuzi, amafulula yekha m'kashedi kuseri kwa loji. Iye amautcha elo, ngakhale polemba amalemba ALE. Mowa wa m'mabotolo umene anthu anauzolowera kuno ndi laga: amaufulula pozizira, yisiti yake imamira pansi, n'kuusefa mpaka kuyera ngati madzi a pa mjigo. Elo sachita manyazi otero. Amawira pofunda, yisiti imakwera pamwamba n'kuchita thovu monga zichitira mbiya za amayi a kumudzi, ndipo amatuluka wofiirira, wowawa kukhosi, wonunkhira ngati nthochi yoiwalika m'chikwama. Wa bwana wathuyo amauthira m'botolo yisiti ikadali ndi moyo, motero pansi pamakhala nsenga. Kunena mwachidule, ndi masese amene anapita kusukulu.

Zonsezi ndinawafotokozera a Zakeyu titakhala pamthunzi pafupi ndi chigafa, masana a mwezi wa Febuluwale, anthu ali kalikiliki kusoka fodya. Iwo anamvetsera, nalawa, nakwinya nkhope, nati azungu ali ndi mavuto. Kenaka anapendeketsa botolo osapumira. Sanathe kukamba nkhani ziwiri asanagwe.

Amayi anasiya singano ndi fodya n'kuthamangira pomwepo. Wina anawakupiza ndi chitenje, wina anawathira madzi kumapazi, wina anayamba kale kuitana mayina a anthu akufa. Mnyamata wa kabaza anabwera ndi njinga yamoto, ndipo anawakweza a Zakeyu n'kuwamangirira kumsana kwake ndi nsalu ngati khanda. Agnes, mkulu wake wa mkazi wanga, anakwera kumbuyo kuti aziwagwira mutu. Ananyamuka kulowera kuchipatala cha ku Nambuma, miyendo ya a Zakeyu ikukwekwereza m'matope.

Ine ndinati nditsatire pa njinga yakapalasa. Ndinamva dzanja paphewa. Anali alamu anga a Emmanuel, mchimwene wake wa Tisiyenji, mphunzitsi wa pulayimale, munthu amene ndakhala ndikumuseka chikwatirire chifukwa amavala tayi ngakhale popita kudimba. Anandiuza mwaulemu kuti ndisavutike, opita apita kale. M'dzanja linalo anali atanyamula botolo lija.

Analikweza kuloza kudzuwa, nalipendeketsa pang'onopang'ono. Pansi pake panatsetsereka tinthu totuwa, tamatope. Anthu anayandikira. Palibe mwa iwo amene anaonapo nsenga m'mowa wa m'botolo. Nsenga amazidziwa m'chipanda, ndipo mowa wa m'chipanda uli ndi lamulo lake: mwini wake amayamba walawa anthu akuona, kenaka n'kupereka. Wa m'botolo salawa, chifukwa chitsekerero ndicho mboni, chikalira kuti tsii ndiye kuti palibe anagwiramo. Tsono mabotolo a bwana wathu ali ndi chotsekera cha waya, chija umatsegula n'kutsekanso momwe ungafunire. A Emmanuel anachitsegula, nachitseka, nachitsegulanso. Kalikonse kanali zii, kupatula kawayako.

Anandifunsa kuti mowawu dzina lake n'chiyani. Ndinati elo.

"Helo?" anatero a Emmanuel.

Ndinati ayi alamu, elo, wopanda chipewa kutsogoloku. Koma mayi wina anali atafunsa kale kuti helo n'chiyani, ndipo wina wa kwaya anamuyankha kuti ndi Gehena pa Chingerezi. Mawuwo anayenda m'khamumo ngati moto wa m'tsekera. Mnyamata wina analanda botolo n'kuwerenga chikalata chake mokweza, monga tiwerengera Chichewa, chilembo ndi chilembo. Panalembedwa PALE ALE. Iye anati pa-le, a-le. Nkhalamba ina inagwira pakamwa, niti phale ndi lija asing'anga amakazingirapo mankhwala, ndiye taonani achita kulemba okha osabisa. Ndinayang'ana a Emmanuel, amene amadziwa bwino lomwe kuti mawuwo akungonena za mtundu wa mowawo, kuti ndi wofiirira mopepuka. Iwo anayang'ana nsapato zawo.

Ndinayesa chida changa chokhacho. Ndinati anthuni, mfiti yanji imene imamata chikalata pa mankhwala ake, kodi ikufuna kukhoma msonkho? Pa tsiku lina akanaseka. Apa panalibe ngakhale dzino limodzi limene linaoneka. Ndinafotokoza za yisiti, za thovu, za kashedi ka bwana wathu, koma ndinkamva ndekha kuti zikumveka ngati nkhani zanga za masiku onse, zija ndimawanamiza kuti m'tauni agalu amakwera minibasi. Munthu ukazolowereka ndi nthabwala, choonadi chako chimatuluka chitavala zovala zomwezo. Ndipo kumbuyo kwa khamulo wina, sindinamuone nkhope, anakumbutsa anzake mwapansipansi zimene ndinanena chaka chatha, zakuti atsibweni sakhala muyaya.

Anandilowetsa m'chigafa n'kundikhazika pa mtolo wa mikangala. Sanandimange, sanandimenye. Amuna anangoima m'mbali monse, ena ndi zikwanje zimene ankadulira mitengo ya chigafacho. Zinali zida za ntchito, inde, koma ntchito inali itaima ndipo palibe anaika chake pansi. Patapita kanthawi ndinamva fungo limene si la fodya. Mnyamata wina wamtali anali atabwera ndi petulo, uja amagulitsa m'mabotolo m'mbali mwa msewu, n'kumuika pafupi ndi phazi lake ngati wangomusungira mnzake. M'tauni ndinaonapo zimene petulo amachita kwa munthu amene amukuwira kuti wakuba. Fungo lake limakhala m'malaya masiku ambiri.

Tisiyenji anaima potsamira mzati, manja atapinda pachifuwa, maso pansi. Mwana wathu Chisomo anali atamupititsa kwa anansi. Ndinafuna kuti andiyang'ane kamodzi kokha, koma iye ndi mwana wa mudziwo, ndipo amene anagwayo ndi amene anamulipirira sukulu.

Ndiye kunamveka mawu kuseri kwa fodya wopachikidwa. Anali apongozi anga, a Febe, mlongo wawo wa a Zakeyu. Chikwatirire sitinayankhulanepo maso ndi maso. Tikakumana panjira iwo amapatukira kutchire, ine kutchire linalo, monga mwa mwambo. Ngakhale tsiku limeneli sanaonetse nkhope. Ndinkangoona mapazi awo pansi pa masamba.

"Mabotolo anabwera awiri, eti?" anatero. "Bambo a Chisomo amwe linalo. Ndi nsenga zomwe."

Anthu anavomereza ndi mitu. Kunena zoona chinali chiweruzo chabwino, ndipo munthu wosalakwa akanachilandira ndi manja awiri. Ine sindinachilandire motero, pa zifukwa ziwiri zimene sindikanatha kuuza aliyense pamenepo.

Choyamba, mabotolowo sindinatenge ndekha m'kashedi. Anandipatsa Enock, mnzanga wa m'bala, amene wakhala akufuna malo anga a ukulu wa bala kuyambira kale, ndipo sanandipatsepo ngakhale chingamu. Dzulo lake anandiitana kuseri, nandipatsa atakulunga kale m'nyuzipepala, nati bwana wapereka, ndikamwe ndekha kumudzi ndikapumule bwino. Nthawi imeneyo ndinangoti munthu watembenuka mtima. Tsopano nditakhala pa mikangala paja, mawu akuti ndikamwe ndekha anayamba kundizungulira m'mutu. Nanga ngati anthuwa akunena zoona mosadziwa? Nanga ngati a Zakeyu anamwa imfa imene inalembedwa dzina langa?

Chachiwiri n'chochititsa manyazi kwa munthu wa ntchito yanga. Ine sindimwa. Ndimatsegulira anthu, ndimawamvera mavuto awo, ndimawakweza m'magalimoto, koma ndekha theka la tambula limandigwetsa. Elo wa bwana wathu ndi waukali kuposa laga kawiri, botolo lake ndi lalikulu, ndipo m'mimba mwanga munali kabanzi kamodzi ka m'mawa pa depoti. Tsono taonani msampha wake. Ngati muli poizoni, ndifa. Ngati mulibe, ndiledzera, ndipo ndikangogwa kapena kusanza, anthu awa sadzafunsa kuti wagwa ndi chiyani. Adzati waona, zamugwira nayenso. Ndikakana kumwa, ndiye ndavomera mlandu.

A Emmanuel anabweretsa botolo lachiwiri kuchokera m'chikwama changa, nalikhutchumula kuti nsenga zisakanikirane, nandipatsa. Ndinawanong'oneza kuti alamu, inu mukudziwa kuti pale si phale.

"Ndikudziwa," anatero motsitsa mawu. "Koma atsibweni agwa, ndipo ine sindikudziwa chimene chawagwetsa. Imwani, alamu."

Ndinatsegula kawaya kaja. Thovu linakwera n'kundinyowetsa zala. Ndinanunkhiza, kufunafuna fungo lachilendo, koma kodi tameki, poizoni uja wophera tizilombo m'munda, amanunkha bwanji m'kati mwa mowa umene umanunkha kale zachilendo? Ndinatseka maso n'kumwa. Unali wofunda, wowawa ngati ndulu, wolemera pa lilime. Pa loji alendo amaugwira m'kamwa n'kumati akumva malalanje, akumva uchi, akumva buledi wootcha. Ine ndinkangomva manda. Ndinapumira pakati, wina nati ndimalize. Chakumapeto kunabwera nsenga, zoterera ngati phala la mwana, ndipo zinatsika kukhosi mochedwa, ngati nazonso zikukayika. Ndinatembenuza botolo kuti aone kuti latha.

Kenaka tinayamba kudikira. A Emmanuel anapita kukaima pachulu cha kuseri kwa chigafa, pamene pokha pamagwira netiweki, kudikira foni ya Agnes. Ena onse anandiyang'ana ine, monga ayang'anira nkhuku imene aimwetsa mankhwala a chitopa.

Ndinaonapo galu atadya tameki. Amayamba ndi dovu, kenaka thukuta ngati ali nalo, kenaka kunjenjemera. Tsopano m'kamwa mwanga munadzaza malovu. Ndinameza. Anadzazanso. Ndinamezanso mwakachetechete kuti kholingo lisaoneke likuyenda. Thukuta linatsika m'khwapa mpaka m'chiuno. Sindikanatha kusiyanitsa ngati ndi poizoni, mowa, kapena mantha, pakuti atatuwa amalowera khomo limodzi. M'mimba munayamba kulira, yisiti ija itapeza nyumba yofunda, ndipo kunali chete moti bambo amene anaima pafupi anamva n'kusuntha phazi.

Posakhalitsa mizati ya chigafa inayamba kuyenda. Masamba a fodya pamwamba panga ankapita kumanzere, dziko kumanja. Ndinakanikiza zidendene pansi, n'kugwira mikangala ndi manja onse awiri, n'kusankha chinthu chimodzi choti ndiziyang'ana. Ndinasankha botolo la petulo. Linandithandiza kwambiri, chifukwa nthawi iliyonse imene tulo ta mowa tinkandikoka, ndikaliona ndinkadzidzimuka. Chikhodzodzo nacho chinadzaza. Ndinapempha kuti ndikataye madzi, koma anati ndikufuna kukadzisanzitsa, ndikhale pomwepo. Bambo wina anawerama n'kunditsegula chikope ndi chala chonunkha fodya, nauza anzake kuti maso afiira. Ndinafuna kumuuza kuti ake omwe ndi ofiira chibadwire, koma lilime linali litalemera, ndipo ndinadziwa kuti mawu akatuluka opotoka ndatha. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinakhala chete pakati pa anthu.

Mthunzi wa chigafa unali utafika pa nkhokwe pamene foni inalira pachulu. Tonse tinamva a Emmanuel akuti halo, halo, Agnes, kweza mawu. Kenaka anati, atsibweni atani? Anabwerezanso funsolo. Anachotsa foni kukhutu n'kuiyang'ana. Anatsika pachulu n'kunena kuti Agnes amalira, anangoti atsibweni a, foni n'kuduka.

Mayi wina anayamba maliro pomwepo, ena n'kulandira. Kulira kwa amayi a kwathu kumakwera ngati utsi, ndipo kukakwera sikufunsanso umboni. Amuna anayandikira. Ndinaona mnyamata wamtali uja akuwerama n'kutsegula botolo lake, fungo n'kudzaza m'chigafa monse, momwe munali fodya wouma pamwamba ndi udzu padenga. Ndinafuna kuimirira kuti ndithawe, koma miyendo inandiuza mosabisa kuti ikangonyamuka igwa. Tisiyenji anachoka pa mzati paja n'kudzaima patsogolo panga, msana wake uli kwa ine.

Ndinasonkhanitsa lilime langa lonse n'kufunsa a Emmanuel kuti bwanji osamuimbiranso Agnesiyo. Anati mayunitsi awathera. Aphunzitsi athunthu, tayi ndi nsapato, mudzi wonse uli pafupi kuotcha munthu, iwo alibe mayunitsi. Ndinapisa m'thumba, dzanja likuphonya thumbalo kawiri, n'kutulutsa foni yanga. Tisiyenji anailanda n'kuwapatsira achimwene ake m'manja.

"Achimwene, imbani pompano," anatero. "Ndipo iwe Chiyembekezo, tseka botololo. Ukayatsa muno uyamba ndi ine."

Dzina la mnyamatayo ndinalidziwa pamenepo. Sanatseke, koma sanathire. A Emmanuel anakweranso chulu. Foni inaitana nthawi yaitali moti ndinayamba kupemphera, ine amene kutchalitchi ndimapita pa ukwati pokha. Ndinamuuza Mulungu kuti nkhalamba ija isafe lero, ife tsiku lina lililonse limene Iye angakonde, ine ndili ku Lilongwe.

Agnes anayankha. A Emmanuel anamvetsera osadula mawu, mutu uli pansi, kenaka anatsika pang'onopang'ono ngati munthu amene wasenza madzi. Anauza anthu kuti atsibweni atsitsimuka. Agnes amalira chifukwa cha chimwemwe, ndipo amafuna kunena kuti atsibweni adzuka. Adokotala apeza kuti shuga anatsika kwambiri m'thupi: anamwa mapiritsi awo a shuga m'mawa, osadya kanthu, n'kukhala padzuwa mpaka masana, kenaka n'kuthirapo mowa waukali. Awaika diripi, ndipo agona komweko kuti awaone mpaka mawa.

Maliro anazima ngati wailesi yothera mabatire. Zikwanje zija zinasandukanso zida za ntchito. Wina anayamba kusema mtengo umene unali wosemasema kale. Chiyembekezo anatseka botolo lake n'kunena kuti petuloyo ndi wa njinga ya achimwene ake, amangodutsa nayo. Bambo amene ananditsegula chikope anati iye ankadziwa kuyambira pachiyambi kuti a Nasoni sangachite zotero, munthu wosangalatsa ngati ameneyu. Palibe anapepesa, ndipo ine sindinayembekezere. Mapazi a apongozi anga anali atachoka pansi pa fodya. A Emmanuel anandibwezera foni atagwira ndi manja awiri, nati mayunitsi adzabweza. Ndinafuna kuwayankha mawu amene akanawawawa mpaka Khirisimasi, koma m'kamwa munadzazanso malovu, ndipo ulendo uno sanali oti n'kumeza.

Tisiyenji anaona nkhope yanga n'kuzindikira. Anandikoleka dzanja paphewa pake, nauza anthu mokweza kuti bambo a Chisomo atopa ndi ulendo, akukapumula. Tinayenda pakati pa mudzi, iye akundinyamula theka, ine ndikumwetulira aliyense ngati wandale, mano nditaluma. Anthu ankatiyang'ana m'makonde. Sanandilowetse m'nyumba. Anandizungulitsa kuseri, kupyola bafa, mpaka m'chimanga chimene chinali chitatalika kuposa munthu, ndipo m'menemo ndinagwada n'kubweza zonse, elo, nsenga ndi kabanzi ka pa depoti.

Nditakweza mutu ndinapeza wapita n'kubwera ndi khasu. Ndinati amake Chisomo, nkhani yatha, wamva wekha kuti ndi shuga. Anandiyang'ana m'maso koyamba tsiku limenelo.

"Atsibweni sanatuluke m'chipatala," anatero monong'ona. "Akagona bwino, ndi shuga. Akapanda kudzuka mawa, anthu adzafuna kudziwa amene anakuonani mukusanza. Ngati zatsala, malizani msanga, ndipo musakokere mawu."

Zinali zitatsala. Ndinamaliza mwakachetechete momwe ndikanathera, nkhope ili pakati pa mapesi, iye akukumba kadzenje pambali panga n'kumakwirira, kenaka n'kupondaponda dothi ndi phazi mpaka posaoneka kuti panagwada munthu.